Kamfa: Wothandiza Pakhungu, Chiphe M'mimba

Fungo la kamfa palibe mayi amene salidziwa. Lili m'mafuta odzola a Ingram's amene timagula nyengo yachisanu miyendo ikayamba kutuwa, lili mu Vicks ndi mu Zam-Buk, lilinso m'tizitini ting'onoting'ono tofiira tochokera ku China timene timapezeka m'misika ndi m'maokala. Mwana mphuno zikatseka usiku, mutu ukamawawa, msana ukalema ndi khasu, dzanja limathamangira komweko. Tinamuzolowera kwambiri moti ambirife sitimuwerengera n'komwe m'gulu la mankhwala. Mapiritsi timabisa pamwamba pa kabati, koma kabotolo ka kamfa kamangokhala pawindo kapena pansi pa pilo.

Asing'anga a ku China, amene akhala akugwiritsa ntchito kamfa kwa zaka mazanamazana, samuona mopepuka choncho. M'mabuku awo a mankhwala, dzina lake likalembedwa pamatsatira mawu atatu: ngwolasa pa lilime ngati tsabola, ngwotentha, ndiponso ali ndi chiphe. Mawu achitatuwo ndi amene sanatipeze bwino pamene mafuta ake ankafika kwathu kuno.

Mtengo wake

Kamfa weniweni amachokera ku mtengo waukulu wobiriwira chaka chonse, umene kwawo ndi kummwera kwa China, Taiwan, Japan ndi Vietnam. Ndi wa banja limodzi ndi mtengo wa mapeyala, ngakhale kuti zipatso zake ndi ting'onoting'ono takuda tosadyedwa. Umatalika mamita 20 mpaka 30, ndipo ku Japan kuli ina imene yakhala zaka zoposa 1,000. Mukatikita tsamba lake m'manja, fungo lija limatuluka pompo. Anthu a ku China mtengowu amautcha zhang, ndipo ufa woyera wochokera m'menemo amautcha zhangnao, kutanthauza ubongo wa mtengo wa zhang. M'chigawo cha Jiangxi muli mzinda wotchedwa Zhangshu, dzina lotanthauza mtengo womwewu, ndipo mzindawu ndi umodzi mwa misika yakale kwambiri ya mankhwala azitsamba m'dzikomo.

Matabwa ake njenjete siziwayandikira, n'chifukwa chake ankapangira mabokosi osungiramo zovala. Kumadera ena a kummwera kwa mtsinje wa Yangtze kumakambidwa mwambo woti mwana wamkazi akabadwa, makolo ankadzala mtengo wa kamfa pakhomo. Mtengo ukakula, odutsa m'njira ankadziwa kuti pakhomopo pali namwali. Tsiku la ukwati likayandikira ankaudula n'kukhomera mabokosi awiri oti mtsikanayo anyamuliremo nsalu zake popita kubanja.

Katulutsidwe ka kamfa mumtengo sikangadabwitse aliyense amene anaonapo kachasu akutchezedwa. Amatema mitengo, mizu ndi nthambi timapalipali, n'kuziwiritsa kuti nthunzi idutsemo. Nthunziyo imanyamula mafuta a mumtengo, ndipo ikakazizira imasiya timibulu toyera ngati mchere wosasinja. Mitengo imene imapereka kamfa wambiri ndi yakale, ya zaka 50 kapena kuposerapo.

Zimene analemba Li Shizhen

Buku lodziwika kwambiri la mankhwala a ku China ndi Bencao Gangmu, lolembedwa ndi sing'anga Li Shizhen, amene anabadwa mu 1518 m'chigawo cha Hubei. Anatha zaka 27 akusonkhanitsa ndi kuyesa zimene akale analemba. Analimaliza mu 1578, koma linasindikizidwa mu 1596 iye atamwalira kale. Muli mankhwala 1,892, ndipo kamfa ndi mmodzi mwa iwo.

Li Shizhen anafotokoza mmene anthu a nthawi yake ankapangira kamfa pakhomo. Timapali ta mtengo wauwisi ankativiika m'madzi a pachitsime masiku atatu, kenako n'kutiphika mumphika akutakasa ndi ndodo. Madzi akaphwera mpaka theka, pandodo paja pankayamba kumata zoyera. Apo ankasefa, n'kuthira madziwo m'mbale yadothi, ndipo kukamacha ankapeza kamfa ataundana. Analembanso kuti kamfa amayaka ngakhale ali pamadzi, kuti utsi wake umathamangitsa nsikidzi ndi tizilombo todya zovala ndi mphasa, ndi kuti anthu ankamuika m'nsapato chifukwa cha matenda a m'mapazi.

Kuti timvetse mmene ankamugwiritsira ntchito, tiyenera kudziwa pang'ono kaganizidwe ka asing'anga akumeneko. Iwo amagawa matenda ndi mankhwala omwe m'magulu a otentha ndi ozizira, ouma ndi achinyontho. Matenda amene amati abwera ndi kuzizira kapena chinyontho amawapatsa mankhwala otentha. Amakhulupiriranso kuti m'thupi mumayenda mphamvu imene amaitcha qi, ndipo ikatsekeka penapake m'pamene munthu amamva ululu. Mankhwala onunkhira kwambiri amati amaboola potsekeka. Choncho kamfa, pokhala wotentha ndi wafungo lamphamvu, anamupatsa ntchito zitatu: kuchotsa chinyontho ndi kupha tizilombo ta pakhungu, kufunditsa malo owawa kuti ululu ubalalike, ndi kutsitsimula munthu amene wakomoka mwadzidzidzi.

Chimene chili chofunika kwa ife n'chakuti pafupifupi ntchito zonsezi zinali za kunja kwa thupi. Pa mphere, zipere ndi kuyabwa ankamusakaniza ndi mankhwala ena, monga sulufule, n'kupaka. Munthu akabzungunyuka phazi kapena kugwa n'kutupa, ankamusungunula m'mowa waukali n'kutikita pamalopo. Dzino lobooka likamawawa ankaika kachidutswa kakang'ono pabowopo. Kumwetsa kunalipo, makamaka pa kupotokola kwadzidzidzi kwa m'mimba kotsagana ndi kusanza, koma muyezo umene mabuku ophunzitsira asing'anga a ku China amalola mpaka lero ndi pakati pa magalamu 0.1 ndi 0.2 kwa munthu wamkulu. Kameneko ndi kaufa kosadzaza ngakhale nsonga ya sipuni. Mabuku omwewo amaletsa kupatsa kamfa mayi woyembekezera ndi munthu wofooka thupi.

Kaganizidwe ka qi ndi chinyontho si kamene madokotala a m'zipatala zathu amatsatira, ndipo sitikunena kuti kanatsimikizidwa. Koma maso a asing'anga aja ankaona bwino. Anaona kuti kamfa amatonthoza khungu loyabwa ndi mnofu wowawa, anaonanso kuti akalowa m'mimba mopitirira pang'ono amavulaza. Pa mfundo ziwirizi, iwo ndi madokotala a lero amagwirizana.

Pali mankhwala ena a ku China amene anthu amawasokoneza ndi kamfa, otchedwa bingpian. Kale ankachokera ku mtengo wina wa ku zilumba za Borneo ndi Sumatra, ndipo anali odula zedi. Fungo n'lofananako, koma asing'anga amawaika m'gulu la ozizira pang'ono ndipo ntchito zake n'zina. Dzina loti kamfa linachokera kumeneko: anthu olankhula Chimalaya ankati kapur, Aluya n'kuti kafur, ndipo amalonda analifikitsa ku Ulaya.

Nanga amagwira bwanji ntchito?

Pakhungu pathu pali timitsempha timene timauza ubongo kuti apa patentha, apa pazizira, apa pakuwawa. Kamfa amadzutsa timitsempha ta kufunda ndi kuzizira, ndipo magazi amayenda ochulukirapo pamalo opakidwapo. Ubongo ukatanganidwa ndi uthenga watsopanowu, uthenga wa ululu kapena kuyabwa umachepa mphamvu. Mpumulo umenewo ndi weniweni ndipo si wonyozeka, makamaka kwa munthu amene waweramira m'munda tsiku lonse. Koma chimene chayambitsa ululu chimakhala chilipobe. Dzino lobooka likhalabe lobooka. Mphere masiku ano ili ndi mankhwala ake kuchipatala, monga benzyl benzoate, amene amapha tizilombo take, ndipo banja lonse limayenera kulandira chithandizo nthawi imodzi.

Pa chimfine n'chimodzimodzi. Fungo la kamfa ndi menthol limapangitsa munthu kumva ngati mphuno zatseguka, ngakhale kuti mpweya wodutsamo sunachuluke. Komabe kumva choncho kumathandiza kugona. Mu 2010 ofufuza a pa yunivesite ya Penn State ku America anayesa ana 138 a zaka 2 mpaka 11 amene ankatsokomola usiku. Makolo a ana amene anapakidwa mafuta okhala ndi kamfa pachifuwa ndi pakhosi ananena kuti ana awo anagona bwino kuposa amene anapakidwa mafuta wamba kapena osapakidwa kanthu. Ena mwa anawo anadandaula kuti khungu ndi maso zikuwotcha. Onani msinkhu wa anawo: panalibe wosakwana zaka ziwiri.

Kuchoka kunkhalango kufika m'kachitini

Kamfa sanathere m'manja mwa asing'anga okha. M'zaka za m'ma 1800 anthu anatulukira kuti ndi wofunika popanga pulasitiki yoyambirira, imene ankapangira zipeso ndi mafilimu a kanema. Chilumba cha Taiwan chinasanduka gwero lalikulu la kamfa padziko lonse, ndipo nkhalango zake zinagwetsedwa kwambiri, eni nthaka a m'mapiri akuthamangitsidwa m'malo awo. Dziko la Japan litalanda chilumbachi mu 1895, boma lake linatenga malonda onse a kamfa mu 1899. Kenako akatswiri anapeza njira yopangira kamfa kuchokera ku mafuta a mitengo ya paini, ndipo kamfa wambiri amene ali m'mafuta athu lero ndi wa kufakitale. Pa mphamvu ndi kuopsa kwake, wa kufakitale ndi wa kumtengo sasiyana. Wogulitsa akakuuzani kuti wake ndi wachilengedwe ndiye sangavulaze, musamumvere.

Mafuta otikitira odziwika kwambiri ochokera ku mwambo wa ku China ndi Tiger Balm. Anayambira m'sitolo ya sing'anga Aw Chu Kin, wochokera m'chigawo cha Fujian, amene anakakhazikika mumzinda wa Rangoon ku Burma m'zaka za m'ma 1870. Ana ake awiri, Aw Boon Haw ndi Aw Boon Par, ndi amene anakuza malondawo n'kuwasamutsira ku Singapore m'zaka za m'ma 1920. Tizitini tofiira tija ta m'misika ndi ta mtundu womwewo wa mafuta: kamfa, menthol ndi mafuta ena onunkhira, zosakanizidwa ndi mafuta olimba.

Mafuta onsewa sali ndi mphamvu yofanana, ndipo apa m'pamene pamafunika kuwerenga chizindikiro cha pabotolo. Mafuta odzola thupi lonse amakhala ndi kamfa wochepa. Mu Vicks VapoRub, pa magawo 100 alionse, pafupifupi 5 ndi kamfa. Tiger Balm wogulitsidwa ku America ali ndi magawo 11, pamene wogulitsidwa m'mayiko ena amafika 25. Timibulu toyera timene ena amagula kuti aziika m'zovala kapena kufukiza m'nyumba tingakhale kamfa yekhayekha.

Chifukwa chake anamutcha chiphe

Kamfa akamezedwa amalowa m'magazi mofulumira kwambiri n'kupita ku ubongo. Zizindikiro zimatha kuyamba pasanathe mphindi 15, kawirikawiri ola limodzi ndi theka lisanakwane. Mwana amamva kuwotcha m'kamwa ndi pakhosi, amachita nseru, amasanza, amasowa mtendere, kenako amatha kukomoka n'kuyamba kuphiriphitha ngati wodwala khunyu. Zikafika poipa, kupuma kumaima. Mpweya wa m'kamwa mwake ndi masanzi zimanunkha kamfa.

Kuti kamfa amagwetsa khunyu si mphekesera. Mu 1934 dokotala wa ku Hungary, Ladislas Meduna, ankabaya dala odwala misala jekeseni wa kamfa mumzinda wa Budapest n'cholinga choti akomoke ndi kuphiriphitha, poganiza kuti zimenezo ziwachiza. Anasankha kamfa chifukwa mphamvu yake imeneyi inali yodziwika kale.

Ku America kunkagulitsidwa mafuta amadzimadzi otikitira okhala ndi magawo 20 a kamfa. Mabotolo ake ankafanana ndi a mafuta a nsatsi omwe ankamwetsa ana odzimbidwa, ndipo makolo ena ankasokoneza. Sipuni imodzi yaing'ono ya mafuta amenewo inali ndi pafupifupi galamu imodzi ya kamfa, ndipo galamu imodzi inaphapo ana aang'ono. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 boma la dzikolo linaletsa mafutawo n'kulamula kuti mankhwala ogulitsidwa m'sitolo asapitirire magawo 11 a kamfa. Vuto silinatheretu. Mu 2008 akuluakulu a zaumoyo mumzinda wa New York anachenjeza makolo ana atatu atagonekedwa m'chipatala chifukwa chokomoka. Timibulu ta kamfa tinkagulitsidwa m'timasitolo ta m'makwalala, ndipo mabanja ankatigwiritsa ntchito pa chimfine ndi pothamangitsa tizilombo m'nyumba. Mwa anawo, si onse amene anameza: wina anangopakidwa mobwerezabwereza pakhungu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Akatswiri a za chiphe ku America amalangiza kuti munthu amene wameza kamfa wopitirira mamiligalamu 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake apite naye kuchipatala msanga. Mwana wa chaka chimodzi ndi theka amalemera pafupifupi makilogalamu 10, ndiye malire ake ndi mamiligalamu 300. Sipuni imodzi yaing'ono ya mafuta okhala ndi magawo 5 ili ndi mamiligalamu pafupifupi 250. Ya mafuta okhala ndi magawo 25 yapitirira galamu. Mwana wokwawa amene watsegula kachitini n'kumakomba ndi chala sachedwa kufika pamenepo. Pakhomo palibe amene angayeze kuti wameza wochuluka bwanji, choncho mwana aliyense amene wadya mafutawa kapena kambulu koyera ndi wa kuchipatala.

Kwathu kuno pali msampha wina. Mwana akakomoka, maganizo a tonse amathamangira ku malungo, ndipo n'zomveka. Koma ngati mwanayo anapakidwa mafuta ambiri a kamfa, kapena anapezeka akuseweretsa kabotolo, auzeni adokotala zimenezo ngakhale asanafunse, ndipo kabotoloko mukatenge. Musamusanzitse, chifukwa akhoza kukomoka ali mkati mosanza n'kutsamwa. Musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira poganiza kuti mukusukulutsa chiphe. Akayamba kuphiriphitha mugonekeni chammbali, musaike sipuni kapena chala m'kamwa mwake, ndipo fulumirani. Kamfa alibe mankhwala omusukulutsa m'thupi. Chimene achipatala amachita ndi kuletsa kuphiriphithako ndi mankhwala monga diazepam, ndi kuthandiza mwanayo kupuma mpaka chiwindi chake chitachotsa chiphecho.

Mwana wosakwana zaka ziwiri asapakidwe mafuta a kamfa otikitira pachifuwa, ndipo opanga Vicks amalemba okha zimenezi pabotolo. Khungu la khanda ndi lopyapyala, limalowetsa mankhwala mosavuta, ndipo tinjira take ta mpweya n'tating'ono. Khanda limene likutsokomola, likupuma mofulumira kapena nthiti zikulowa mkati likhoza kukhala ndi chibayo, ndipo usiku umene tingataye tikulitikita ndi umene likanakhala litayamba kulandira mankhwala. Kwa ana okulirapo ndi akuluakulu, pakani pang'ono pachifuwa, pamsana kapena pamnofu wowawa. M'mphuno ayi, m'kamwa ayi, pafupi ndi maso ayi, pabala kapena pamene papsa ndi moto ayi, chifukwa khungu lotseguka limalowetsa kamfa wambiri m'magazi. Ena amameza kachidutswa ka mafutawa kapena kuwasungunula mu tiyi pofuna kuziziritsa pakhosi. Chizolowezi chimenecho chisiyidwe. Mayi woyembekezera adziwe kuti kamfa akalowa m'magazi amafika kwa mwana ali m'mimba, ndipo woyamwitsa asapake pamabere.

Kumbukiraninso zimene anaona Li Shizhen, kuti kamfa amayaka. Kutenthetsa kachitini pambaula kuti mafuta asungunuke, kapena kuwaponya mumphika wa madzi owira uli pamoto kuti mufunde bulangeti n'kupuma nthunzi yake, kwawotchapo anthu kumaso.

Timibulu ta m'sutikesi

Timibulu toyera timene timaika m'zovala kuopa njenjete ndi mphemvu ambiri timangotitcha kamfa, koma tambiri si kamfa. Timapangidwa ndi mankhwala ena otchedwa naphthalene, ochokera ku phula la malasha kapena ku mafuta a pansi panthaka. Chisokonezo chomwechi chinalipo ku China, kumene timibulu ta naphthalene tinkagulitsidwa ndi dzina la zhangnao, mpaka boma linatiletsa mu 1993. Kusiyanitsa n'kosavuta: kamfa weniweni amayandama m'kapu ya madzi, naphthalene amamira.

Onse awiri ndi oopsa mwana akawameza, ndipo amaoneka ngati maswiti. Koma naphthalene ali ndi vuto lake lapadera. Pali anthu amene amabadwa magazi awo akusowa chinthu china chowateteza, chimene achipatala amachitcha G6PD. Chibadwa chimenechi n'chofala m'mayiko a malungo, kuphatikizapo kuno kwathu ndi kummwera kwa China, makamaka mwa ana aamuna, ndipo ambiri amakula osadziwa kuti ali nacho. Kwa munthu wotere naphthalene amaphwanya magazi. Khanda silichita kufunika kumeza: kuvekedwa zovala kapena kufunditsidwa nsalu zimene zinasungidwa ndi timibuluti n'kokwanira kuti lichite chikasu choopsa, chimene chingawononge ubongo.

Apa m'pofunika kusamala, poti ambirife zovala za mwana woyembekezeredwa, matewera, mashawelo ndi zitenje zatsopano timazisunga miyezi ingapo m'sutikesi yotseka. Sutikesi imeneyo musaikemo timibulu ta mtundu uliwonse. Ngati zovalazo mwalandira kwa achibale ndipo zikumveka fungo lija, kuchapa kamodzi sikukwanira, chifukwa naphthalene sasungunuka bwino m'madzi. Zichapeni ndi sopo, muziyanike panja padzuwa ndi mphepo masiku angapo, muzichapenso, ndipo khanda livale pokhapokha fungo litatheratu. Mukaona maso kapena khungu la khanda likusanduka lachikasu m'masiku oyambirira, kapena mkodzo wake wada ngati tiyi, pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene mmene zovala zake zinasungidwira.